Kalaliki wa Mbatatesi

Lolemba

Lero ndi tsiku lalikulu. Ndikulemba kuti mawa anthu asadzanene kuti nzeruyi inali ya wina.

Chino ndi chaka chachiwiri chipumireni pantchito. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndili kalaliki m'boma, lero ntchito yanga ndi kupirikitsa nkhuku za eni pakhonde kuno ku Mtiya. Amake Tiya amalawira kumsika kukagulitsa mbatatesi ndi kabichi, madzulo amandipeza pampando womwewo. Sanena kanthu. Kusanenako n'kumene kumandiwawa.

Tsono nzeru ndi iyi. Ana a ku Zomba kuno ali mbwee ku Joni, ku Kepu, ku Ulaya. Ambiri amasunga ndalama zawo za kiripito m'chikwama cha pa foni, chomwe amati waleti. Waletiyo si munthu koma imayankhula. Mwini wake amangoiuza kuti, "kagulire amayi ndowa ya mbatatesi ku Zomba, mtengo wotsika," iye n'kupita kuntchito. Chomwe chimasowa ndi cha mbali yathu ogulitsa, choti chiziiyankha. Tiya, mwana wathu amene ali ku Kepu, wanditumizira pulogalamu yake. Umailembera malamulo a malonda ako m'mawu wamba, iyo n'kumanenerera ndi mawaleti m'malo mwako. Zikagwirizana, pangano limatsekeka lokha, ndalama imaima pakati mpaka katundu afike. Palibe kubweza mawu. Makina okhaokha!

Ndaitcha Kalaliki, kuti dzina lisafe.

Amake Tiya andipatsa matumba khumi ndi awiri ndi sabata imodzi. "Mbatatesi mukaluza tidzaoda zina," akutero. "Koma patsamba lanulo mwalembapo dzina langa. Zaka makumi awiri ndikulisamala. Musalidetse."

Tsiku lonse ndili kuseri kwa benchi yawo ndi kope, kuonerera momwe amagulitsira. Iwo akuti malamulo alibe, amangoyang'ana munthu kumaso. Bodza! Chilichonse chili ndi malamulo, amasowa ndi wolemba. Ndapeza asanu:

1. Wopereka moni mwaulemu, mtsitsireko pang'ono.
2. Kasitomala woyamba wa tsiku sabwezedwa, ngakhale ndalama yake iperewere.
3. Wachibale, mtengo wachibale.
4. Wogula ndowa, basera dzanja limodzi.
5. Wofedwa sanenerera. Theka la mtengo, kabaza ulele.

Nzeru zonse za zaka makumi awiri zakwana theka la tsamba. Izi sindiwauza.

Lachiwiri

Zatheka!!

Teni koloko foni yalira. Waleti ya bambo wina wa ku Joni, ndowa ziwiri kwa mayi awo ku Chinamwali. Zapatsana moni, zanenerera, zagwirizana, ine ndisanamalize n'komwe kupukuta magalasi. A Jafali akabaza anyamula katundu. Afika, mayiwo avomera, ndalama yalowa. Palibe wakweza mawu, palibe wayerekeza kuchoka kuti aitanidwenso.

Ndawerenga zomwe zakambirana, kawiri, mokweza, nkhuku zikumva. Pena pake waleti ikufunsa kuti, "Kodi pali njira zina zotsitsira mtengo?" Kalaliki wayankha malamulo onse asanu, mwandondomeko, ndi manambala ake omwe. Ndanyadira. Ofesi yabwino imatero, zonse pa bolodi.

Amake Tiya nditawasonyeza: "Mwamuuza wogula pamene mumagonjera?"

Ndawafotokozera kuti masiku ano zinthu zimayenda poyera. Angoti "Ehee," n'kupitiriza kusankha nyemba. Nsanje ilipo, ndikuiona, koma ndikuwamvetsa.

Zogula zinthu zikayamba kuyenda:
- mpando wozungulira
- chidindo
- njinga yamoto ya a Jafali (azibweza pang'onopang'ono)
- chitenje cha amake Tiya, kuti aone kuti ndilibe nawo mangawa

Madzulo ndayenda mpaka pamsewu waukulu, foni ili m'manja, kuti wina andifunse. Palibe wafunsa.

Lachitatu

Mawaleti amauzana. Sindikudziwa kuti amakumana kuti, koma amauzana.

M'mawa ndikupeza mapangano asanu ndi awiri atatsekeka kale. Ndavina pang'ono. Kenako ndawerenga.

Yoyamba yapereka moni kamakumi anayi ndi katatu. Mwadzuka bwanji. Amayi adzuka bwanji. Nanga ana. Nanga akumudzi. Nanga mwendo uja? Ine mwendo sunandivutepo! Nkhuku zagona bwanji. Moni uliwonse Kalaliki akutsitsa pang'ono, chifukwa sindinalembe kuti moni ndi umodzi. Ndowa yathunthu yapita pamtengo wa mulu wa tomato. Chondipweteka n'choti ulemu wake ndi weniweni. Mwana wa masiku ano sangapereke moni wotere.

Makasitomala oyamba a tsiku alipo anayi. Wina ali ku Joni, wina ku Ulaya, wina ku Amereka, wina kudziko lomwe ndachita kulifufuza pa mapu. Aliyense ndi woyamba m'mawa wa kwawo. Kusukulu anatiphunzitsa kuti dzuwa silitulukira pamodzi dziko lonse, koma sanatiuze kuti zidzatidyera mbatatesi.

Basera nayo. Waleti ina yafunsa kuti, "Dzanja la ndani?" Kalaliki wati lamulo silikunena. Waletiyo yalembetsa m'pangano kuti likhale la wobweretsa katundu. A Jafali manja awo ndi mafosholo. Akutapa akuseka.

Ndaimbira Tiya. "Adadi, makina amachita zomwe mwalemba, osati zomwe mukuganiza." Mwana amene ndinamulipirira fizi ndi ine.

Zokonza:
- moni umodzi pa waleti imodzi
- m'mawa ndi wa ku Zomba basi
- dzanja ndi langa (ndayeza, mbatatesi zinayi)

Matumba atsala asanu ndi atatu. Amake Tiya afunsa momwe zikuyendera. Ndati katundu akutuluka mwachangu. Sindinaname.

Lachinayi

Amake Tiya ndi Naphiri. Lero mawaleti onse ndi a Phiri.

Ina ikuti ndi mdzukulu wa mlamu wa azakhali awo. Ina ikungowatcha "achemwali". Kalaliki walandira onse ndi manja awiri. Ine ndakhala m'banjali zaka makumi atatu, mtengo wachibale sanandipatsepo.

Koma zimenezo ndi zazing'ono. Pofika leveni koloko, maliro asanu ndi anayi!

Atatu ku Zakazaka, anayi ku Chinamwali, awiri kuno ku Mtiya komwe ndikukhala ine, ndipo sindinamve mfuu. Ndaganiza za kolera. Ndatsegula wailesi, akukamba za mpira. Ndathira mankhwala m'ndowa ya madzi akumwa.

Kenako ndaganiza kuti, dzina la amake Tiya likupita kusiwa, silingapite ndi kabaza yekha. Maliro n'kulirana. Ndavala jekete lakuda, ndakwera kabaza wachiwiri kutsatira a Jafali ku Zakazaka. Pangano lachinayi: a Nankhoma, atisiya dzulo, mdzukulu wawo ali ku Joni.

Pamsewu palibe masamba. Nyimbo palibe. Ndati kapena thupi likadali kuchipatala. Pakhonde pali mayi wachikulire akusenda nandolo, wailesi ili pambali. Ndavula chipewa, ndagwada, ndati pepani ndi zovutazi, a Nankhoma anali mayi wa tonse.

"A Nankhoma ndine," akutero. "Ndamwalira liti, bambo?"

Ndati dzulo.

"Ana a masiku ano! Munthu osamuuza n'komwe."

A Jafali atsamira khoma akuseka, njinga yagwa. Mayiwo aitana oyandikana nawo kuti adzamve. Aimbira mdzukulu wawo, foni aika poti tonse timve. Iye akulumbira ali kuntchito: "Agogo, ine ndinangoiuza kuti ipeze mtengo wotsika!" Yaupeza.

Mbatatesi alandira, poti pangano ndi pangano. Ndikudzuka kuti ndizipita, andigwira jekete. "Nanga basera? Kapena akufa simuwapatsa?"

Ndatapa zinayi ndi dzanja langa.

Maliro enawo sindinapiteko. A Jafali akuti onse ali bwino, mmodzi amupeza akukhoma denga.

Matumba atsala atatu, ndipo mapangano ena sanaperekedwe. Ndati ndiwauza amake Tiya mawa, akadya.

Lachisanu

Nkhani yafika kumsika ine ndisanadzuke. Akuti pa mabenchi anthu akuuzana kuti ukafuna mbatatesi zotchipa kwa amake Tiya, uyambe wapha agogo ako.

Amake Tiya atabwerako sanakalipe. Bola akanakalipa. Angokhala pamkeka, n'kunena akuyang'ana kumbali: "Wofedwa ndimamudziwa asanatsegule pakamwa. Sasankha. Amangoloza ndowa. Lembani zimenezo m'kope lanulo."

Zimenezo sizilembeka, ndayesa.

Anditumiza kuphiri kukaoda matumba ena kwa a Chikopa, alimi amene amake Tiya amapikulako. Galimoto ya matabwa yanditula pamwamba, kwinako wapansi. Nkhungu, chisanu, mapaini akudontha. Ogulitsa masitiroberi andithamangira kuyesa ndine mlendo, ataona nkhope abwerera okha. A Chikopa ali m'munda, akundiona patali ayamba kuvula chipewa. "Pepani ndi zovutazi, akalaliki!" Mpaka kuphiri kuno! Nkhani yakwera phiri popanda galimoto.

Matumba atatu andipatsa. Poyembekezera galimoto yotsika ndakhala pamwala wina pomwe netiweki imagwira, tauni yonse ili pansi panga, msika uli apo. Ndakwiya kwambiri. Ndakwiyira mawaleti, ndakwiyira a Nankhoma, ndakwiyira Tiya. Chifundo chinapha nkhwali. Ndafufuta malamulo onse asanu, ndalemba atsopano:

1. Moni sagula kanthu.
2. Chibale kumudzi.
3. Basera kulibe.
4. Wonena za maliro abweretse kalata ya amfumu ya chidindo, kalata ya kuchipatala, ndi chiphaso cha malemu, makope atatu atatu. Akapanda kubweretsa, auzidwe kuti abwere Lolemba. Akaumirira, mtengo ukwere, chifukwa chotayitsa nthawi ya ofesi.

Sindinachite kuganiza. Dzanja limakumbukira lokha, ngati ndabwerera pawindo langa lakale. Mtima wakhala pansi. Zala zokha ndi zimene zauma ndi chisanu.

Tione tsopano amene afe.

Loweruka m'mawa

Maliro: palibe!
Achibale: palibe!
Moni: umodzi, wouma.

Zomba yachira usiku umodzi. Mapangano awiri, onse pamtengo wathunthu. Mwambo ndi mwambo. Ndamwa tiyi makapu awiri. Mpando wozungulira ndaubwezera pamndandanda.

Loweruka masana

Amake Tiya abwera dzuwa lili pamutu, zomwe sachita Loweruka. Maso ofiira.

A Likaka a ku Chinamwali amwalira mbandakucha. Ndi amuna awo a mayi Likaka, ogulitsa anyezi pa benchi yoyandikana ndi yathu, amene amagawana chakudya ndi amake Tiya tsiku lililonse, amene anagona nawo kuchipatala pobadwa Tiya.

Ndati pepani. Andipatsa foni yawo.

Ganizani, mwana wa malemu, ali ku Joni ndipo mapepala ake salola kuti abwere. Sanasiyire waleti kuti iyankhule. Walemba yekha, ndi zala zake, zilembo zina zosokonekera:

"Amayi, ndine Ganizani. Adadi atisiya. Sinditha kubwera. Chonde matumba awiri ndi kabichi apite kunyumba anthu adye. Ndilibe wina womuuza."

Yankho lili pansi pake. Kalata ya amfumu ya chidindo. Kalata ya kuchipatala. Chiphaso cha malemu. Makope atatu atatu. Mukapanda kutero mubwere Lolemba. Pamapeto pali dzina la malonda athu: Zikomo, Kwa amake Tiya.

Iye walembanso: "Amayi, maliro ndi mawa."

Kalaliki wakweza mtengo.

Ganizani walipira osanenerera. Pangano latsekeka. Kenako zonsezo wazitumiza ku gulu la pa foni la kubanja kwawo, popanda kuwonjezerapo mawu. Kuchoka uko zafika kwa amayi a kumpingo, kumsika, mpaka pa foni ili m'manja mwangayi.

Ndaimbira Tiya kuti tifufute. "Sizifufutika, adadi. Si ndi chimene munazikondera?"

Manyazi otere sindinawamvepo. Ndafuna kufotokoza za mawaleti, za a Nankhoma, za moni kamakumi anayi ndi katatu.

Amake Tiya atulutsa matumba atatu, osati awiri, ndi kabichi yense wa pa benchi. Ndalama ya Ganizani akuti akaipereka kwa mayi ake pamanja. Ndati ndiitane a Jafali.

"Njinga yanu ili ndi mpweya?"

Ili nawo.

Maulendo atatu, Mtiya mpaka Chinamwali, wokankha. Thumba lililonse likutsetsereka mbali imodzi. Akabaza akundipitirira akuliza belu. Masamba ali pamsewu, enieni. Ulendo woyamba ndalowa pabwalo, azibambo asiya kuyankhula. Wachiwiri mmodzi wandithandiza kutsitsa, osandiyang'ana. Wachitatu wina kumbuyo wanong'ona kuti, "Makope atatu akwana." Aseka chamumtima, poti ndi pamaliro.

Amake Tiya alowa m'nyumba ya siwa atawerama. Amayi a kumpingo ali mmenemo onse. Sindikudziwa ngati awapatsa malo pamkeka.

Lamulungu

Msana. Mapewa. Mwendo uja wayamba kuwawa tsopano.

Taika maliro masana. Anthu ambiri, chakudya chakwanira. Ganizani waonera pa foni ya mlongo wake, akulira, netiweki ikudukaduka.

Tsiku lonse maso anga ali pa amake Tiya. Ndikuyembekezera kuona amayi akuwatembenukira msana. Palibe. Ali pakati pa ophika, akulamula za mchere, wina akuwamangira chitenje. Mayi Likaka pobwera kumanda atsamira paphewa lawo. Ndadabwa, ndapumako.

Anthu atayamba kubalalika, mayi Likaka andiitanitsa. Ndalowa, ndagwada pakhomo. Mawu ndinakonza usiku, okwana tsamba. Ndangoyamba kuti amake Tiya sakudziwapo kanthu, anditukulira dzanja.

"Musavutike, bambo. Palibe anaganizapo kuti ndi iwo. Titangomva za makope atatu ndi kubwera Lolemba, nyumba yonse inati, awo ndi amuna awo."

Amayi ena agwedeza mitu.

"Malemuwa munawabweza kanayi pawindo lanu lija, nthawi ya mapepala a penshoni yawo. Amachoka kuno wapansi. Ankakuyerekezani akamacheza, mpaka kakwezedwe ka magalasi." Amwetulira pang'ono, misozi ili m'maso. "Akanamva za dzulozi akanaseka mpaka kutsokomola."

Ine sindikuwakumbukira. Ndayesetsa njira yonse yobwerera, ndikukankha njinga yopanda katundu. Nkhope ndikuidziwa ya kumpingo ndi ya pamaukwati. Ya pawindo ayi. Pawindo ndinkayang'ana mapepala.

Kalaliki ndamuzimitsa. Wafunsa ngati ndatsimikiza. Ndatsimikiza.

Zotsala:
- thumba limodzi ndi theka
- kope, masamba ambiri osalemba
- dzina la amake Tiya, lili bwinobwino

Langa ndalimva lero momwe anthu analisungira.

Amake Tiya akuti mawa sikisi koloko ndikhale nditapopa njinga. Kwa mayi Likaka kukufunika nkhuni, ndipo benchi yawo ya anyezi ilibe munthu sabata yonse. Ndikakhala pamenepo ndine. Ndafunsa mitengo ya anyezi kuti ndilembe.

"Musalembe. Muzikayang'ana anthu."